Rampu Yathu Yapeza Woikwera

Sukulu ya Nathepele,
Likhubula,
Mulanje.

30 Ogasiti, 2015.

Okondedwa Achemwali Annie,

Siyani kaye chilichonse chimene mukuwachitira abwana anu ku Joniko, pukutani m'manja, ndipo ngati pali mpando pafupi khalani pansi, chifukwa ndili ndi chilengezo chachikulu chochokera kuno kutsinde kwa phiri. Patatha miyezi khumi chitsegulireni, rampu ya pasukulu yathu yapeza woikwera. Ndi mbuzi ya a Pilato, alonda athu, yaikazi, yamawangamawanga. Imafika m'mawa uliwonse, n'kukwera mpaka pakatikati, n'kugona pomwepo chifukwa simenti imafunda msanga dzuwa likatuluka. Sichedwa, sijomba ngakhale pa holide, ndipo mpaka lero sinapemphepo buku. Ahedi athu a Namakhwa akanakhala munthu wachilungamo, bwenzi atailemba kale m'kaundula.

Mwina kumeneko mawu akuti rampu ndi a tsiku ndi tsiku, koma kuno tinachita kuitanidwa ku msonkhano kuti tiwaphunzire. Ndi kanjira kasimenti kotsetsereka kamene amamanga pakhomo m'malo mwa masitepe, kuti munthu woyenda pa njinga ya olumala azitha kulowa. Sukulu imene ili ndi rampu imatchedwa sukulu yolandira mwana aliyense. Ife tili nayo, ndiye musamatiderere.

Ndikudziwa kuti simunang'ambe envelopu iyi kuti mumve za mbuzi. Mukufuna kumva za mwana wanu Esteri ndi mayeso ake a Sitandade 8, amene zotsatira zake zinatuluka masabata awiri apitawo. Mwandiimbira kasanu ndi kawiri, foni yanga n'kumangoduka. Ndifikako, achemwali. Koma nkhani ya Esteri inayambira pa rampu, ndiye mundilole ndikuyendetseni njira yomwe inayenda nkhaniyo.

Chaka chatha mu Seputembala kunabwera bungwe lina la ku Blantyre lotchedwa Tikwere Limodzi. Wolitsogolera ndi Mayi Sheila, munthu wa mawu ofewa, wosasiyana ndi botolo la madzi, amene amati “ana athu” ponena za ana amene sakuwadziwa ndi dzina lomwe. Anatiuza kuti mwana waulumali ayenera kuphunzira m'kalasi limodzi ndi anzake, osati kubisidwa kuseri kwa nyumba. Mawuwo ndi oona, ndipo ine ndi inu timawadziwa kuposa mayiwo. Tsoka lake n'lakuti anagwera m'khutu la a Namakhwa, limene pa zonse zimene zinanenedwa tsiku limenelo linangotolapo mawu atatu: matumba a simenti.

Mukukumbukira mmene sukulu yathu inakhalira pachitunda paja. Makalasi asanu ndi atatu, lililonse ndi masitepe ake, zimbudzi kumunsi uko kumene mvula ikagwa ngakhale munthu wa miyendo yolimba amapita akupemphera. Komiti ya sukulu inakhala tsiku lathunthu kukambirana khomo loyenera rampu, ndipo itatha kudya inagwirizana kuti imangidwe pa ofesi ya ahedi, chifukwa alendo amafikira pamenepo. Khonde la ofesiyo lili ndi zitseko ziwiri basi: cha ahedi, ndi cha kachipinda kosungiramo madesiki othyoka ndi ufa wa phala, kamene zenera lake ndi laling'ono ngati buku la nyimbo. Kachipinda kameneka mukasunge m'mutu, tibwererako.

Ntchito yomanga inapatsidwa kwa mlamu wawo wa ahedi, katswiri wodziwika wa makola a nkhumba. Simenti ina itapita kumene inapita, yotsalayo inakwanira rampu yaifupi, ndipo rampu yaifupi yokafika pakhonde lalitali imaima chilili. Atcheya a komiti ndi a Bryson, aja ananyamulira alendo katundu kupita naye pamwamba pa phiri, ku Chambe, kwa zaka makumi atatu. Anaiyang'ana kuyambira kumunsi mpaka kumtunda, n'kuvula chipewa.

“Ahedi, ine Chambe ndakwera ndi chikwama cha mzungu kumsana, cha mkazi wake pamutu. Koma apapa ndingapemphe ndodo.”

“Mwakalamba basi, atcheya,” anatero ahedi. “Chitukuko sichikhala chogona pansi.”

Kutatsala sabata kuti rampu itsegulidwe, Mayi Sheila anaimba foni kunena kuti abweretsa mphatso ya njinga ya olumala yatsopano, komanso wojambula zithunzi, ndiye mwana woikwera akhale wokonzeka. Ahedi anandiitanitsa. Mukudziwa kuti pasukulu pano ine ndine wa digiri, digiri ija munaithyolera tiyi ku esiteti mpaka zala kuchita mikwingwirima. Zaka zinayi ndakhala ndikudikira kalata yondisamutsira ku sekondale, ndipo podikirapo ntchito ya digiriyo yakhala kulembera a Namakhwa malipoti ndi zokayankhula m'Chingerezi.

“A Winston, pasukulu pano tili ndi olumala angati?”

“Tili ndi atatu osamva bwino, amene timawakhazika kumbuyo chifukwa ndi aatali. Tili ndi awiri amene Sitandade 2 aibwereza kanayi ndipo palibe anafunsapo chifukwa chake. Ndiye pali Esteri, wa maso.”

“Iyayi, a Winston, musandiwerengere kaundula. Ndikunena olumala enieni, ooneka pa chithunzi.”

Woteroyo alipo, kutsidya kwa mtsinje wa Likhubula. Dzina lake ndi Mwanaisha, mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri, amene amayendera manja ndipo sanapondepo pasukulu pano chifukwa njira yake ndi miyala yokhayokha. Anatumidwa a Bryson kuti akamubwereke kwa tsiku limodzi. Anabwerako thukuta lili kamukamu, ndipo anatibwerezera mawu a mayi wa mwanayo osachotsapo ndi limodzi lomwe.

“Zaka khumi ndi ziwiri mwanayu ali pakhonde pano, simunabwerepo kudzafunsa ngati amadziwa a kapena e. Lero mwamva kuti kukubwera kamera? Chabwino. Njingayo mukatha mudzaisiya kuno?”

“Ayi mayi,” akuti anayankha a Bryson, “imeneyo ndi katundu wa sukulu.”

“Ndiye katundu wa sukuluyo akwere yekha.”

M'nkhani yonseyi, achemwali, mayi ameneyu sanapite ku yunivesite, sanakhalepo pa msonkhano wa zaulumali, koma ndi yekhayo amene anayankha funso molondola ulendo woyamba.

Apa ndi pamene ahedi anandiyang'ana ndi diso la munthu amene nzeru yamufikira mwadzidzidzi, chinthu chimene kwa iwo chimachitika kamodzi pa chaka ndipo nthawi zonse chimavulaza wina.

“Nanga mwana wa achemwali anu uja?”

“Esteri amayenda, ahedi. Amakutungirani madzi a mu ofesi muno.”

“Ulumali ndi ulumali, a Winston. Wa maso, wa miyendo, boma limawerenga pamodzi. Mphindi zisanu zokha. Mukufuna alendo abwerere ndi njinga yawo?”

Ndinaseka. Ndinaseka mpaka misozi, ndipo mumtima ndinati nkhani iyi ndidzaifotokoza mpaka ndidzakalambe. Masana ndinamuuza Esteri. Anakankhira m'mwamba magalasi ake onenepa aja n'kundiyandikira kumaso monga amachitira akafuna kuona ngati munthu akunena zoona.

“Amalume, koma ine ndimayenda.”

“Ndi sewero chabe, mwanawe. Pa Khirisimasi paja unali mngelo, unali ndi mapiko?”

Anaseka n'kuvomera. Mwana wanu chimene malume ake anena amachitenga ngati mmene chilili, ndipo ndinu munamuphunzitsa zimenezo.

Tsikulo linafika. Anthu a m'mudzi anavina tchopa mpaka fumbi kukwera pa galimoto yoyera ya alendo. Ahedi anawerenga zimene ndinawalembera. Ndinaikamo dala mawu awiri aatali kuti ndione mmene apunthwire, ndipo sanandikhumudwitse. Kenaka anamukhazika Esteri pa njinga, n'kumufunditsa chitenje m'miyendo kuti alendo asaone akatumba a mtsikana amene amakwera chitunda ndi ndowa tsiku ndi tsiku. Wojambula anayang'ana mu kamera n'kunena kuti magalasi akunyezimira, avulidwe. Anawavula ahedi okha n'kuwaika m'thumba la malaya. Wokankha njinga ndinali ine, mwinimbumba.

Titafika pakatikati, pamene pamagona mbuzi lero, njinga inayamba kubwerera m'mbuyo ndi ine ndemwe. A Bryson anathamanga n'kuikapo phewa, ndipo tinakafika pamwamba amuna awiri tikupuma ngati takwera Chambe. Anthu m'manja, amayi nthungululu. Esteri anatembenuza mutu n'kunong'ona.

“Amalume, sindikuona kanthu. Tafika?”

Mayi Sheila anagwada pambali pake misozi ili m'maso, botolo la madzi lili m'khwapa, n'kumufunsa kuti, “Ukumva bwanji lero, mwana wathu?” Esteri anati, “Ndikufuna magalasi anga.” Mayiwo anamusisita m'mutu n'kutembenukira ku kamera. Galimoto itangokhota pamseu, mwana wanu anadzuka panjingapo, n'kupinda chitenje, n'kuinyamula yekha kukaiika mu ofesi. Ili momwemo mpaka lero. Ahedi anapeza kuti ili ndi khushoni yabwino, ndiye amakhalapo pochonga mabuku, ndipo akafuna kanthu mu kabati sadzukanso, amangodzikankha.

Lipoti lopita ku bungwelo ndinalemba ndine, Chingerezi chake chosalala ngati cha pa wailesi. Linanena kuti wophunzira mmodzi wolumala miyendo, Esteri, tsopano akufika paliponse mosavuta. Chithunzi chake chinatuluka pa kalendala ya bungwelo, mwezi wa Malichi, ndipo kalendalayo ili pakhoma la ofesi. Akuoneka wokongola, achemwali. Akuyang'ana kumene kulibe munthu.

Tsopano tifike ku mayeso. Mu Novembala kunabwera mafomu olembetsera ana a Sitandade 8. Pa fomu pali timabokosi ta ana ofuna thandizo lapadera: ka maso, ka makutu, ka miyendo. Wochongedwa pa maso amamutumizira mapepala a zilembo zikuluzikulu ndi kumuonjezera nthawi. Inu mukudziwa kuti Esteri zimenezi ndi zomwe amafuna basi. Kuyambira Sitandade 5 pamene munamusiya m'manja mwanga, ndakhala ndikumukopera manotsi ndi cholembera chonenepa chija timati maka, kuseri kwa makalendala akale ndi pa makatoni amene ndimapempha m'mashopu a pa Chonde. Pa mayeso oyeserera, amene ndinamukopera ndekha m'zilembo zazikulu, anakhala nambala 2 m'kalasi la ana makumi asanu ndi anayi. Mutu wake ulibe vuto. Zilembo zingokula, mwanayo amathamanga.

Fomu yake inandipeza itachongedwa kale. Pa miyendo.

“Ahedi, apa mwalakwitsa.”

“Sindinalakwitse. Mapepala a sukulu imodzi sangamanene zinthu ziwiri. A Tikwere Limodzi alonjeza gawo lachiwiri, zimbudzi zatsopano. Akadzafunsa ku boma n'kumva kuti wathu wa pa njinga uja ndi wa maso, adzawayankha ndani? Lipoti lija analemba ndani, a Winston?”

“Koma mwanayo sangawerenge pepala wamba.”

“Mu Febuluwale kumabwera mndandanda woti tikonze zolakwika. Pofika nthawi imeneyo simenti ya zimbudzi idzakhala itafika, tidzasintha mwakachetechete. Sainani apa ngati mphunzitsi wa kalasi.”

Ndinasaina.

Febuluwale anafika, simenti sinafike, mndandanda unafika. Pa dzina la Esteri panali palembedwa kuti ndi woyenda pa njinga. Ndinapita nawo m'chipinda cha aphunzitsi n'kuuwerenga ndi mawu a a Namakhwa, mimba nditaitulutsa, ndikudzikankha pa mpando ngati uli ndi matayala. Aphunzitsi anaseka mpaka wina kutsamwa ndi chinangwa. Kunyumba ndinabwereza seweroli kwa mlamu wanu Millie. Iye sanaseke. Anapitiriza kusenda nanazi, n'kundifunsa osandiyang'ana.

“Mwatiseketsa. Nanga mwakonza?”

“Lolemba ndipita ku boma. Tsiku lomaliza ndi Lachisanu.”

Esteri anali pakhomo akumva. Anafunsa ngati pepala lake lidzakhala la zilembo zazikulu, ndipo ine ndinamuyankha kuti, “Malume ako ali ndi digiri, iwe ungowerenga.”

Lolemba ndinaphunzitsa. Lachiwiri kunagwa mvula. Lachitatu mpaka Lachisanu a Tikwere Limodzi anatiitanira ku maphunziro a masiku atatu pa malo ena ogona alendo ku Likhubula, mutu wake: kusasiya mwana aliyense m'mbuyo. Achemwali, mukanaona! Anatimanga nsalu kumaso, aphunzitsi akuluakulu a ndevu zathu, kuti timve mmene amamvera mwana wosaona. Ahedi anayenda manja ali kutsogolo n'kukagunda tebulo la zakudya, ndipo ngakhale anali osaona dzanja lawo linapeza samusa. Atawamasula anaimirira n'kunena kuti moyo wawo wasinthika. Tinaimba nyimbo ya manja, tinamata timapepala tamitundumitundu pakhoma, tinagawidwa m'magulu kuti tikambirane zotchinga zimene ana aulumali amakumana nazo, ndipo gulu lililonse linapeza kuti chotchinga chachikulu ndi makolo osaphunzira. Ine ndinadzaza masamba anayi ndi zoseketsa zoti ndidzakuuzeni. Lachisanu madzulo anatipatsa masatifiketi. Yanga ili m'chikwama, dzina langa analilemba molakwika. Ofesi ya ku boma inali itatseka.

Mayeso analembedwa mu Meyi, sabata imene chiperoni chinatsika m'phiri n'kukhala pasukulu ngati nachonso chalembetsa. Nkhungu mpaka m'makalasi, kamvula kowaza, masana ngati madzulo. Woyang'anira mayeso anali mayi wina wochokera ku zoni ina, munthu wa malamulo, amene ntchito yake anaigwira bwino kuposa tonsefe, ndipo n'chifukwa chake zinthu zinaipiratu. Anawerenga mndandanda n'kupeza kuti pali mwana woyenda pa njinga. Lamulo likuti woteroyo alembere m'chipinda chimene njinga ingafike. Anazungulira sukulu yonse kufunafuna chipinda chotero, ndipo kupatula ofesi ya ahedi anachipeza chimodzi. Mwakumbukira kachipinda ka madesiki othyoka kaja, ka zenera ngati buku la nyimbo? Anakasesa, anaikamo tebulo. Mwana amene zaka zinayi wakhala pafupi ndi zenera lalikulu la m'kalasi langa anamukonzera malo apadera mumdima.

Esteri anakwera rampu ndi miyendo yake, pensulo ziwiri zili m'manja. Zimene zinayankhulidwa pakhondepo anandiuza ndi a Pilato, amene anali pomwepo ndi makiyi.

“Iwe ndiwe Esteri? Njinga yako ili kuti?”

“Ili mu ofesi, madamu. Amakhalapo ahedi.”

Mayiwo anayang'ana a Namakhwa. A Namakhwa anakhosomola.

“Masiku ena amapezako bwino, madamu.”

“Madamu,” anatero Esteri, “ine vuto langa ndi maso. Amalume anati pepala langa likhala la zilembo zazikulu.”

Mayi uja anatsegula envelopu pamaso pa onse, anawerenga mapepala kawiri, anayang'ananso mkati. Munali zimene sukulu inapempha. Mapepala a mayeso amabwera omata kuchokera kutali, palibe angawakopere, palibe angamuwerengere mwana popanda chilolezo, ndipo nthawi yoonjezera imapita kwa amene anachongedwa pa kabokosi kake. Anachita zimene akanatha: anakokera tebulo pakhomo penipeni kuti pakhale kuwala, n'kuima kumbali kumene kumachokera mphepo kuti kamvula kasanyowetse pepala. Akuti anawauza ahedi mawu ena amene a Pilato anakana kundibwerezera chifukwa ndi mkulu wa mpingo.

Ife aphunzitsi a pasukulupo sitiloledwa kudutsa chingwe chimene amamanga nthawi ya mayeso. Ndinaima pansi pa mtengo wa mango kumapeto kwa bwalo la mpira. Kuchokera pamenepo khomo la kachipindako limaoneka bwino. Ndinamuona mwana wanu atagwira pepala ndi manja awiri, litakhudza mphuno, akuliyendetsa pang'onopang'ono kuchokera kumanzere kupita kumanja, kenaka kuliika pansi, kulemba, kulinyamulanso, kufunafuna pamene analekezera. Anzake akutembenuza tsamba lachitatu iye ali pa loyamba. Masiku atatu, achemwali. Pamtengo paja ndinayesa kupeza choseketsa choti ndidzakuuzeni, monga mwa chizolowezi changa, ndipo sindinachipeze.

Tsiku la masamu tinabwerera limodzi kunyumba. Sanalire. Maso ake anali ofiira ngati walowa utsi. Titawoloka kamlatho anati, “Ma 3 ndi ma 8 amafanana onse. Ndinangosankha.” Tinayendanso pang'ono, n'kuonjeza kuti, “Munati munakonza.” Ine wa digiri, amene sindisowa yankho ngakhale pamaliro, ndinamuuza kuti afulumire mvula ikubwera.

Zotsatira zafika. Dzina la Esteri palibe, ngakhale pa ongokhoza. Ahedi anaitanitsa makolo kudzalengeza kuti sukulu yachita bwino kuposa chaka chatha, ndipo anaonjeza kuti ngakhale mwana wathu waulumali anayesetsa, timuombere m'manja. Anthu anaomba. A Tikwere Limodzi atumiza uthenga wakuti gawo lachiwiri lavomerezedwa: zimbudzi zatsopano ayi, koma rampu ina, pa zimbudzi zakale zija. Apemphanso ngati mtsikana wa pa kalendala angapezeke pa tsiku lotsegulira. Ndinapita kwa ahedi kukapempha kuti mwina njinga ija tikampatse Mwanaisha, popeza ndi chinthu chokhacho chimene Esteri wandipempha chichokereni mayeso. Anandiyankha ali pa njingapo kuti ndi katundu wa sukulu ndipo inalembedwa m'kaundula.

Mpaka apa ndakusekererani ahedi, komiti, mlamu wa makola a nkhumba ndi mayi wa botolo, ndipo onsewo akuyenera. Ndikanatha kulekera pomwepa inu n'kuwatukwana limodzi nane. Koma foni yanga ilibe vuto, achemwali. Netiweki kuno ili bwinobwino. Ndimaona dzina lanu likuwala, n'kudikira kuti lizime.

Tsiku lija mu Novembala, pa tebulo la ahedi panali mapepala awiri. Lina linali fomu ya Esteri. Linalo linali kalata yondichitira umboni kuti ndine woyenera kukaphunzitsa ku sekondale, yotayipidwa kale, yongodikira siginecha ndi chidindo cha a Namakhwa. Sanandiopseze. Sanatchule n'komwe. Anangoisuntha pang'ono ndi chala kuti ndiione. Mu Febuluwale sindinaiwale, ndipo mvula ya Lachiwiri sinali yoletsa munthu kukwera minibasi. Ndinadziwa kuti ndikakafika ku boma adzandifunsa kuti fomuyo anasaina ndani ndipo lipoti analemba ndani, nkhani n'kubwerera kwa ahedi kalata yanga isanayankhidwe. Ndinadziuza kuti mwanayo ndi wanzeru, adzalimbana nazo. Kuseka kuja m'chipinda cha aphunzitsi kunali kuti anthu aone kuti ine si mmodzi wa iwo.

Kalata yanga yayankhidwa. Ndikayamba ntchito pa sekondale yoyendera ya kufupi ndi Chonde sukulu zikatsegulidwa pa 7 Seputembala. M'nyumba muno wasankhidwa kupita ku sekondale ndi mmodzi, ndipo ndine.

Tsiku limene munkakwera basi munandigwira dzanja n'kunena kuti, “Achimwene, ndinu mwinimbumba, ndinunso mphunzitsi wake. Kulinso kwina kumene ndingamusiye?” Ndinayankha ndi nthabwala imene sindikuikumbukanso. Mawu anuwo ndiye ndikuwakumbuka.

Tsopano pempho langa. Esteri akhoza kubwereza Sitandade 8. Lachinayi ndinapita ndekha ku boma, ndinanena zonse ndi dzina langa, ndipo analemba kuti chaka chamawa ndi wa maso. Zimene andichite chifukwa cha siginecha ija ndidzamva. Koma mwanayo akukana. Akuti ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, sangakakhalenso ndi tiana timene timamuitana kuti “wa pa njinga”. M'mawa amanyamula dengu la nanazi kupita ndi Millie kumsika. Ine ndikayamba kuyankhula za sukulu amamvetsera mwaulemu mpaka nditamaliza, n'kunena kuti, “Ndamva, aphunzitsi.” Amanditchula choncho ngakhale m'nyumba, ngakhale pondipatsa madzi osamba m'manja. Liwu lakuti amalume ndinalimva komaliza mu Meyi.

Mumuimbire inuyo, pa foni ya Millie, osati yanga, sukulu zisanatsegulidwe. Mawu anu mwina awamva. Ngati mungaone kuti akabwerezere kwina, kwa achemwali aakulu ku Luchenza kapena kulikonse kumene kuli mphunzitsi wodziwa za maso, ine ndidzanyamula sutikesi yake ndi makatoni ake onse a manotsi, ndipo sindidzafunsa chifukwa chimene mwamuchotsera m'manja mwanga. Mukatha kuyankhula naye, imbani yanga. Ulendo uno ndiyankha, ndipo musandichepetsere mawu.

Kalatayi ndapatsira Thomson, mwana wa a Bryson, amene akubwerera kumeneko Lachiwiri. Millie akupereka moni, ndipo akuti ndikuuzeni kuti anandiuza. A Bryson akupereka moni, akuti phewa lawo likuwawabe koma chikuwawa kwambiri si phewa. A Pilato akupereka moni. Manda a amayi tinalambula mwezi watha.

Mwazolowera kuti kalata zanga zimathera pakati pa tsamba, chifukwa theka lam'munsi amatenga Esteri ndi zilembo zake zazikulu zija, MONI AMAYI, mawu awiri odzaza malo a mizere khumi. Dzulo masana ndinamuikira tsambali patebulo pamodzi ndi maka yatsopano. Anaitsegula, anainunkhiza monga amachitira nthawi zonse, anaitseka, n'kuiika pambali pa mbale yanga.

Ine mlongo wanu,
Winston.

Malo atsala m'munsimu ndi ake. Sindilembapo kanthu.